Chigamba Chimene Ndidabisa Pachesisi

Biriwiri,
Ntcheu.
16 Juni 2024

Wokondedwa mwana wanga Jessie,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chidatha? Obwera kuchokera kumeneko akuti chaka chino kwazizira koopsa, ndiye usamanyozere juzi pofuna kuoneka bwino. Mabwana ako akukusunga bwanji?

Ife kuno Mulungu akutisunga. Sungani wako wagulula dzino lakutsogolo, ndipo akusekerera aliyense wodutsa kuti aone mpatawo. Amalume ako a Geoffrey ali bwino. Ine ndi bondo lomwe lija, likangomva chisanu cha Juni limayamba ndewu. Kachewere wa kudimba wamera bwino, kabichi yekha ndiye wavuta ndi nsabwe.

Udabwa kulandira kalata m'masiku a foni ano. Ndakuimbira katatu, koma ndikangotchula amuna ako umati nkhani imeneyo idatha, n'kudula. Sindikukudzudzula, poti adakufikitsa pamenepo ndine. Komanso pakamwa pangapa ndi pomwe padayambira zonsezi, ndiye ndati ndiyese dzanja, mwina lili ndi ulemu kuposa lilime. Ndapatsira a Steve, aja onyamula katundu wa ku Joni. Uwerenge utakhala pansi, ndipo usaipinde usanafike kumapeto.

Nkhani ndi ya banja lako. Udauza amalume ako kuti ukwati wako ndi a Dyton uthe. Amuna akowo adavomera kuti akangomaliza kukonza pikapu apereka makiyi, anyamule chikwama, abwerere kwawo ku Kandeu. Pikapuyo yatsala pang'ono kutha. N'chifukwa chake ndikulemba mothamanga, pakuti zimene udamva kwa ine za ngozi ija si zoona.

Ukukumbukira zimene ndidakuuza pafoni mu Epulo muja. Ndidati bambo a Sungani aomba mlatho akununkha kachasu, ndipo kutsogolo adali ndi mkazi. Mawuwo ndidawasanja ngati mulu wa tomato wa pa Lizulu, owala pamwamba, oola pansi. Iwe udalira, ine n'kumakutonthoza ngati munthu wabwino.

Zidayenda chonchi. M'mawa umenewo amuna ako ankapita kumsika ku Lizulu ndi kachewere wanga, ine ndidatsala chifukwa cha bondo. Panjira adanyamula mayi Eliza, aja ogulitsa kabichi, amsinkhu wanga, amene mano akutsogolo adawathera kalekale. Ameneyo ndiye mkazi ndidakuuza uja. Mayiwo adali ndi chigubu cha kachasu chimene mlongo wawo adawatuma kuti akasiye kwa munthu kumsika, ndipo adachifungatira pamiyendo.

Potsetsereka kupita pamlatho, galimoto idalira kuti phwa! kumbuyo kwa mutu wake, kuja kokhala dalaivala. Matayala akumbuyo adakhotera kwawokwawo, mabuleki osagwira. Amuna ako adalimbana nayo kuti isagwere mumtsinje, mpaka idakaomba chipupa cha mlatho cham'mbali. Chigubu chija chidaphulika n'kuwasambitsa onse awiri. Amuna ako adathyoka nthiti ziwiri, phewa n'kuguluka. Mayi Eliza adangotupa pachipumi. Anthu othamangira adapeza mkamwini wa NaNgozo akununkha kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, ndipo nkhani idafika kumudzi iwo asanafike kuchipatala.

Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa, mpingo wonse ukudziwa kuti bambo a Sungani ngakhale thobwa logonetsa samwa. Koma anthu atayamba kunena za kachasu, ine ndidailandira nkhaniyo ndi manja awiri. Ndidali ndi chifukwa changa, ndipo ndicho ndakhalira pansi kuti ndikuuze.

Chaka chatha, pokolola kachewere wa mvula, amuna ako adapita ku Kandeu kumaliro a bambo awo, adakhalako masabata awiri. Lamulo lawo ukulidziwa, matumba khumi ndi awiri basi, osapitirira. Ine ndinkati mkamwini ameneyu wakula mwendo, akufuna kundiphunzitsa galimoto ya mwamuna wanga. Atangochoka ndidapeza dalaivala waganyu, ndipo tinkakweza matumba makumi awiri, ine n'kukhala pamwamba pake ngati mfumukazi.

Ulendo wachinayi tidamva kulira kwachilendo. Titasuzumira pansi, tidapeza chesisi, chitsulo chija chonyamula galimoto yonse, chitang'aluka kumbuyo kwa mutu, mbali ya kumanzere, pafupi ndi pamene pamagwira sipuling'i. Mng'aluwo udali wotalika ngati chala changa.

Ndidadziwa kuti amuna ako akauona aimika galimoto mwezi wathunthu, kachewere akuolera pakhonde. Ndidapita nayo kwa wowotcherera wina wa m'mbali mwa msewu, tsidya la ku Mozambique, kumene sandidziwa dzina. Adatola kachitsulo kopangira mafelemu a mawindo, adakamata pamng'alupo, n'kuwotcherera mowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ntchito yonse sidathe ndi ola lomwe.

Usaganize kuti sindinkadziwa. Malemu bambo ako a Maynard atabwerako kumigodi, zaka zonse zija ankakonza ngolo ndi matilela pabwalo pano, wowagwirira chingwe ndidali ine. Ndidawamva kambirimbiri akunena kuti chitsulo chonyamula katundu sachiwotcherera mowongoka, chimadzathyoka pambali pa msoko womwewo. Ndinkadziwa, Jessie. Ndidagula penti wakuda, ndidapaka ndi dzanja langali, pamwamba ndidapakanso oyilo wakale ndi kuwaza fumbi. Dalaivala uja ndidamuuza kuti akatsegula pakamwa asadzandipemphenso ganyu.

Ndiye tsiku la ngozi, nditamva kuti idalira kumbuyo kwa mutu, ndidadziwa kuti ndi chigamba changa chija. Ndikadapha bambo wa mdzukulu wanga pamodzi ndi mnzanga wa pamsika. Koma ndisakunamize kuti ndidayamba n'kuganiza za iwo. Ndidaganiza za ine, NaNgozo, wotsogolera nyimbo kwa amayi a Mvano, anthu akundiloza zala pachigayo. Ndidachita mantha, ndipo ndidafunda nkhani ya kachasu ija ngati bulangete.

Galimoto adaikoka ndi thirakitala mpaka pabwalo. Amakaniko awiri ochokera kuboma ataiona adapukusa mitu, adati chesisi chapindika, gulitsani zitsulo muiwale. Amuna ako, nthiti zili zomanga, adatumiza mawu kudzera mwa amalume ako kuti aikonza okha, poti kuwotcherera ndiyo ntchito yawo yeniyeni, kuyendetsaku adangolowamo pothandiza ine. Adati chesisi chopindika chotero sachiwongola ndi moto chifukwa chimafooka. Mankhwala ake ndi kudula chigawo chowonongekacho n'kulumikizapo china. Adayenda masiku anayi mpaka adapeza pikapu yofanana ndi yathu ku Lizulu, imene idaphwanyika mutu koma kumbuyo kuli bwinobwino, ndipo adabwera ndi zigawo ziwiri pangolo.

Mwambo wathu ukuudziwa. Chikwatiwire iwe, zaka zisanu ndi zitatu, ine ndi apongozi angawo tidali tisanayang'anane m'maso. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Popita kumsika, ine mwini galimoto ndinkakhala kumbuyo pamatumba, mphepo ikundimenya, kuopa kukhala nawo mpando umodzi. Iwe utapita ku Joni, mawu athu ankadutsa mwa a Geoffrey. Ndiye ntchito yonseyi ndinkaionera pampata wa mpanda wa kukhitchini, ngati wakuba pakhomo panga pomwe.

Adayamba ndi kuchotsa bodi, kenako thanki ya dizilo, batire, mawaya ndi mapayipi a mabuleki. Tsiku lachitatu adatenga bulashi ya waya n'kuyamba kupala pamalo paja. Ndidaona dzanja likupala, likupala, kenako lidaima. Adawerama, adakanda ndi kampeni, adakhala pansi nthawi yaitali. Kenaka adatembenuka n'kuyang'ana kukhitchini. Kaya adandiona kaya sadandione, ine ndidachoka pampata paja. Chitsulo chongothyoka kumene chimawala mkati mwake. Changacho chidali chofiira ndi dzimbiri la chaka chathunthu, kachitsulo ka windo kali lende pambali. Munthu wa ntchito imeneyo sangafunse kawiri.

Adadula chigawocho ndi gilayinda, adachikulunga m'thumba la feteleza, n'kupita nacho kuseri.

Sabata yomweyo ndi imene ankhoswe adakhala pansi, iwe utatumiza mawu ako aja. Ine ndidakhala kuseri kwa nkhokwe, kudikira kuti thumba la feteleza lija litulutsidwe. Amalume ako adauza amuna ako kuti afotokoze. Iwo adati mowa sadamwe, ndipo za mkazi afunsidwe mayi Eliza. Mayi Eliza adayesa kuwaikira kumbuyo, koma anthu adati mwini kachasu anganene chiyani. A Geoffrey adafunsa ngati galimoto idali ndi vuto lililonse. Amuna ako adati galimoto ndi yakale. Nkhoswe wa kwawo adawakodola ndi chigongono kuti alankhule zomveka, koma iwo adangoti, "Chiwongolero chidali m'manja mwanga. Mundikhululukire."

Atamva kuti iwe wati ukwati uthe, adaweramitsa mutu, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti awalole amalize kaye galimoto.

Ndikadakhala munthu, ndikadaimirira pomwepo. Sindidaimirire. Mtima udakhala pansi kuti ndapulumuka, ndipo pa zonse zimene ndachita, chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi koposa.

Kuyambira tsiku limenelo palibe adabweranso kudzawathandiza. Ndani angagwire ntchito ndi mkamwini wopitikitsidwa? Adakhazika chesisi pazitsa ndi pamajeke okha. Popeza bwalo lathu n'lotsetsereka, adachilinganiza ndi kapayipi koonekera mkati kothiramo madzi, madziwo akaima mofanana mbali zonse ndiye kuti chakhala bwino. Zimenezo adatha ndi mkono umodzi. Koma kuyeza kopingasa kumafuna anthu awiri. Chingwe chimachoka pabowo lakutsogolo kumanja kukafika pabowo lakumbuyo kumanzere, kenako n'kuyezanso mbali inayo. Zikasiyana ngakhale pang'ono, galimoto imayenda cham'mbali ngati nkhanu n'kumadya matayala.

Adamangirira chingwe kumsomali, chidapulumuka. Adatsendereza ndi mwala, chidapulumukanso. Phewa lija silinkawalola kutambasula mkono. Kachitatu adangokhala pachitsa atagwira nthiti, chingwe chili pafumbi.

Sindikudziwa kuti mpanda ndidaudutsa bwanji. Ndidangozindikira ndili pabwalo, nsonga ya chingwe ili m'manja. Iwo adadzambatuka kuti athawire kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo. Ndidati, "Khalani, bambo. Chingwe ichi ndidayamba kuchigwira inu musanamere ndevu. Kokani."

Adakoka. Mbali imodzi idatalika ndi theka la chala. Adagogoda ndi hamala, tidayezanso, adagogodanso. Kasanu konse, aliyense maso ali pachingwe. Zitalingana, ndidawafunsa maso anga ali pansi kuti adaona chiyani pansi pa penti uja. Adati dzimbiri. Ndidafunsa chifukwa chimene sadanenere pamaso pa ankhoswe.

Adakulunga chingwe pachala, adachimasula, adakulunganso. Kenako adati, "Jessie ali yekha kuchilendo, amayi. Ndikadatulutsa chitsulo chija, akadadziwa kuti amayi ake adamunamiza. Mwamuna angathe kupeza wina. Nanga amayi akawapeza kuti?"

Ndidalira, mwana wanga. Masana, dzuwa lili paliwombo, pamaso pa mkamwini, ine nkhalamba ndidalira mokweza. Iwo adasowa koyang'ana, adayamba kufunafuna hamala imene idali m'dzanja mwawo. Nditatonthola ndidafunsa kumene kudapita chitsulo chija. Adati adachiponya m'chimbudzi chakale tsiku lomwelo, kuopa kuti tsiku lina atakwiya angadzachitulutse.

Kuyambira pamenepo ndidakhala wowathandiza. Masabata atatu ndakhala ndikuvala ovolosi ya malemu bambo ako pansi pa chitenje, ndipo anthu opita kumjigo ankachedwa dala kuti aonerere.

Ntchito yawo ndi yodekha, yoti munthu wamtima wapachala ngati ine atope. Zigawo adazidula mopendekera, monga timasongolera mtengo wa mpanda, kuti msoko ukhale wautali ndipo katundu asamatsamire pamzere umodzi. Adasamala kuti adule kumbuyo kwa nambala ya chesisi, kuti mapepala a galimoto asadzatsutsane ndi chitsulo. Mbali ya kumanja idali itapindika ndi kuomba kuja, nayonso adaidula, koma misoko iwiriyo sadaiike moyang'anana, wina patsogolo wina pambuyo. Milomo ya zitsulo adaipala kuti moto ulowe mpaka mkati.

Tidabwereka jenereta ya kuchigayo. Poyamba adangodontheza timadontho tinayi togwirizira, n'kuti tiyezenso. Tidayeza. Adawotcherera pang'ono kumanzere, adadumphira kumanja, adabwereranso, akuti moto ukachuluka mbali imodzi umakoka chitsulo n'kukhotetsa zonse. Ndiye tiyezenso. Chingwe chija ndidachigwira mpaka ndidatuluka matuza.

Tsiku lina, poona kuti tikungokhala kudikira kuti chitsulo chizizire, ndidabwera ndi ndowa ya madzi kuti ndithirepo. Adafuula kuti, "Amayi, ayi!" mpaka nkhuku zidabalalika. Kenako adachita manyazi kuti akalipira apongozi, adayamba kupepesa. Adafotokoza kuti chitsulo chamoto chikathiridwa madzi chimauma n'kusanduka chophweka kuthyoka, chimayenera kuzizira chokha. Ine ndidaseka mpaka kukhala pansi. Chimwalirire bambo ako palibe adandikalipirapo pabwalo limeneli, ndipo ndidapeza kuti ndinkazisowa.

Adandichenjeza kuti ndisamayang'ane moto wowotcherera, koma mayi ako ukuwadziwa. Ndidayang'ana. M'mawa mwake maso adali ngati wina wathiramo mchenga. Iwo adadula kachewere wamuwisi mopyapyala, adati ndiike pazikope ndigone chagada. Zaka zonsezi ndikugulitsa kachewere osadziwa kuti amaziziritsa maso.

Pomaliza adadula zigamba zenizeni, zochindikala ngati chesisi chomwe, zosongoka mbali zonse ziwiri ngati nsomba, n'kuzimata mkati mwa misoko ija. Adapala, adapaka penti woteteza dzimbiri, kenako wakuda. Pamene ankapaka wakudayo tidayang'anana.

Madzulo a tsikulo ndidagwira tambala wamkulu uja, ndidapita naye ndekha n'kuwapatsa m'manja, ndidati zikomo aNzunga. Kadali koyamba kuwathokoza ndi mfunda wawo. Amalume ako atamva adabwera akupuma mwamphamvu, akuti tathetsa chipongozi popanda ankhoswe, zimenezi zidaoneka kuti. Ndidawauza kuti akhale pansi, pali zazikulu kuposa tambala.

Ndidaitanitsa nkhoswe wa ku Kandeu ndi mayi Eliza, ndipo pabwalo lomwe lija ndidanena zonse, za matumba makumi awiri, za kachitsulo ka windo, za penti, ndi za foni imene ndidakuimbira. Amuna ako adayesa kundidula mawu kawiri, ndidawauza kuti lero chiwongolero chili m'manja mwanga. Mayi Eliza adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, adati chipumi chawo chidaphwa kale, koma ndiwagulire mlongo wawo chigubu china. Nditapempha a Geoffrey kuti akuimbire akuuze, adakana. Adati mfundo adamanga ndine, ndimasulenso ndine.

Lachinayi lotsatira ndidaimiriranso pamaso pa amayi a Mvano. Nyimbo akutsogolera wina tsopano. Ena akundinena pachigayo monga ndinkaopera muja, ena adabwera kudzandigwira dzanja. Manyazi sapha, Jessie, ndayesa ndaona. Ndikudya bwino kuposa mmene ndinkadyera mu Meyi.

Lachiwiri lapitali tinaiyesa galimoto. Bodi inali isanabwezeredwe, ndiye kumbuyo kunalibe pokhala. Ndinaima n'kumayang'ana, iwonso akuyang'ana, mpaka ananditsegulira chitseko chakutsogolo. Tinadutsa pamsika wa Biriwiri ine ndili tsonga pambali pa mkamwini, ogulitsa tomato ataimirira kukamwa kuli yasa. Mpando umenewo ndi wofewa, ndipo ndadandaula zaka zimene ndidataya pamatumba.

Pabwalo la mpira anathira madzi pansi n'kuyendetsapo galimoto pang'onopang'ono. Tinatsika kukaona. Matayala akumbuyo anali ataponda ndendende m'mapazi a akutsogolo, mizere iwiri yokha. Pamsewu wosalala anasiya chiwongolero kanthawi kochepa, galimoto inangopita chowongoka. Ine ndinaimba nthungululu, iwo anamwetulira koyamba chichitikire ngozi.

Pobwerera ndinawapempha kuti asachoke. Anayankha mwaulemu koma mosagwedezeka. Anati amene adawalowetsa m'mudzi muno ndiwe, amene wawatulutsa ndiwenso, ndipo mawu a apongozi, ngakhale akome bwanji, sangawakhazike. Chikwama chawo n'chomanga kale. Ndikuuze chilungamo, sakukukwiyira, koma zidawapweteka kuti udakhulupirira pafoni imodzi osawafunsa n'komwe, n'kutseka nambala yawo. Ndinawauza kuti mwana amakhulupirira mayi ake, mlandu umenewonso ndi wanga.

Tsopano ndikuululire bodza langa lomaliza, ndipo Mulungu andikhululukire. Chatsala pagalimoto ndi kubwezera bodi basi, ntchito ya theka la tsiku. Bodiyo imagwidwa ndi mabawuti asanu ndi atatu. Lachitatu m'mawa mabawutiwo anasowa m'chitini mmene ankawasunga. Ndinawakwirira m'chidebe cha nyemba.

Akhala akuwafuna masiku anayi. Asesa bwalo, asuzumira pansi pa nkhokwe, afunsa ndi anthu odutsa. Mabawuti oterewo amapezeka m'sitolo iliyonse ya zitsulo kuboma, ndi ulendo wa minibasi imodzi, koma sanapiteko. Dzulo ndinawatuma dala kuti anditapire nyemba, kuti ndione. Anatsegula chidebe, anapisa dzanja, anaima. Kenako anatapa nyembazo, anatseka bwinobwino, n'kubwera nazo. Pondipatsa ananena, maso ali kumwamba, kuti mabawuti aja ndi amtundu wovuta, mwina sangapezeke msanga, tiyembekeze sabata imodzi kapena masabata awiri.

A Steve akuti kalatayi ikufika pakatha masiku anayi. Ndiye nthawi ilipo, koma si yambiri. Munthu wamkulu sangafunefune mabawuti mpaka mvula.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati ukufuna kukwiya, kwiyira ine, msana wanga ndi wotakata. Ukafuna kukhala chaka osandilankhula ndipirira, ndidadziputira ndekha. Koma tsegula nambala ya amuna ako uwaimbire. Usakonzekere mawu ambiri, ndi munthu wosavuta, ungowauza kuti amasule chikwama. Ndidafuna kukulanda mwamuna wabwino kuti ndisunge dzina langa, ndipo iye adalola kutaya mkazi kuti iwe usataye mayi. Pa awirife ukudziwa wekha woyenera kumuimbira poyamba.

Foni yawo amaitchaja tsiku lililonse. Akamagwira ntchito amaiika pachitsa, poyera, pamene angaione ikawala.

Undiperekere moni kwa a Zione amene ukukhala nawo nyumba imodzi, ndi onse akwathu amene mumakumana kutchalitchi kumeneko. Amalume ako akupereka moni, mayi Eliza nawonso. Sungani wajambula dzanja lake kuseri kwa pepalali. Ndakuikira ufa woyera ndi nyemba pang'ono, ndazisankha bwino, mulibe chitsulo.

Ambuye akusunge potuluka ndi polowa, akufewetse mtima, ndipo akubweze kwathu uli wamoyo.

Ndine mayi ako wokulakwira, koma wokukonda,

Lufina NaNgozo